Kukadya chakudya cha magawo angapo pa malo odyera achimudzi ku Kasungu: mafunso ndi mayankho

Munthu wa ku Kasungu akanena kuti akukadya m'tauni, kawirikawiri amatanthauza nsima ya nkhuku pa lesitilanti ya pafupi ndi depoti kapena tchipisi cha pachiwaya, ndipo pakatha theka la ola amakhala atasamba m'manja n'kubwerera ku ntchito zake. Pali kadyedwe kena kamene malo ena odyera ndi ogona alendo amakonza munthu akapempha, pamene zakudya zimabwera motsatizana, china chikatha china n'kufika, ndipo anthu amakhala patebulo madzulo onse. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amavutitsa munthu woitanidwa ku chakudya chotere, komanso amene akufuna kuitanira anzake.

Kodi chakudya cha magawo angapo n'chotani?

Kunyumba mayi akamaliza kuphika amabweretsa zonse pamodzi: mitanda ya nsima m'bakuli, ndiwo zankhuli, zamasamba ndi madzi osamba m'manja, ndipo aliyense amaona ndi maso ake kuchuluka kwa chakudya asanayambe kudya. Pa chakudya cha magawo, wophika ndiye amasankha chimene chiyambe ndi chimene chitsatire. Kawirikawiri magawo amakhala 3, ndiye kuti kachakudya kotsegulira kukhosi, chakudya chenicheni, ndi kotsekemera kotsirizira, koma pa mwambo waukulu amatha kufika 5 kapena kupitirira, pamene supu ndi nsomba zimapatsidwa nthawi yakeyake. Mbale ya gawo lililonse imachotsedwa lisanabwere lotsatira, ndipo pakati pake pamakhala mpata wocheza.

Kadyedwe kameneka kanachokera kuti?

Ngakhale ku Ulaya sikuti anthu ankadya chotere kuyambira kale. M'nyumba za anthu olemera a ku France, mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, zakudya zambiri zinkayalidwa patebulo nthawi imodzi, monga momwe timachitira ife. Kubweretsa mbale imodzi imodzi kunachokera ku Russia, ndipo amene amatchulidwa kawirikawiri kuti anafalitsa mchitidwewu ku Paris ndi kazembe wa Russia, Alexander Kurakin, cha m'ma 1810. Chifukwa chake chinali chapafupi: chakudya choyalidwa chonse pamodzi chinkazizira anthu asanachifike, pamene chobwera motsatizana chinkadyedwa chikadali chotentha. Munthu aliyense amene anadyapo nsima yozizira angamvetse kuti maganizo amenewa si achilendo kwa ife.

Malo odyera achimudzi amasiyana bwanji ndi malo ena?

Awa ndi malo amene ali m'tauni kapena m'mphepete mwake koma anamangidwa mofanana ndi kumudzi: denga la udzu, mizati ya mitengo, makoma a njerwa zosapaka pulasitala, mipando ya nsungwi kapena ya milaza, nthawi zina ndi zisakasa zingapo pabwalo pamene gulu lililonse limakhala palokha. Denga la udzu lili ndi ubwino wake weniweni kuno, chifukwa mu Okutobala, pamene malata amasandutsa chipinda kukhala uvuni, pansi pa udzu pamakhala pozizira.

Komabe udzu pawokha suphika. Pali malo amene amakongoletsa ndi malichero, mitondo ndi zipande pakhoma, koma kukhitchini akuphika nkhuku yochokera mufiriji ndi supu wa m'mapepala, ndipo munthu amalipira ndalama zambiri chifukwa cha zokongoletsazo. Malo achimudzi enieni mumawadziwira m'mbale. Nyemba zophikidwa mu mphika wadothi pa moto wodekha zimakoma mosiyana ndi zophikidwa mothamanga mu sefuliya, ndipo nkhuku yachikuda imafuna kutafuna ndithu koma msuzi wake sufuna chowonjezera. Musachite manyazi kufunsa kuti masamba amawatenga kuti, ndiponso kuti nkhukuyo ndi yachikuda kapena ayi. Wophika wodzidalira amakondwera ndi funso lotere.

Kodi nsima ili ndi malo pa chakudya chotere?

Ili nawo, ndipo ndikuona kuti malo odyera amene amaichotsa pofuna kuoneka apamwamba amalakwitsa kwambiri. Boma la Kasungu ndi la alimi a chimanga, mtedza, soya ndi fodya, ndipo ndiwo zathu zambiri zinapangidwa kuti zidyedwe ndi nsima. Therere silingadyeke ndi mbatatesi, ndipo nkhwani wotendera wodyera mpunga amataya theka la kukoma kwake. Wophika amene wakonza magawo 4 kapena 5 kuchokera ku zakudya za kuno ayenera kuika nsima pa gawo lalikulu, pamodzi ndi nyama kapena nsomba ndi ndiwo zamasamba za mitundu iwiri.

Chimene chimasintha ndi kukula kwa mtanda ndi nthawi yophikira. Munthu amene wamwa kale supu ndi kudya kotsegulira kukhosi sangamalize mitanda itatu ya masiku onse, choncho mtanda umodzi waukulu bwino kapena iwiri yaing'ono imakwanira, ndipo wofuna kuonjezera apemphe. Nsima iyenera kuphikidwa pamene alendo akumaliza gawo lachiwiri, kuti iwomoledwe n'kufika patebulo ikufuka nthunzi. Nsima yophikidwa masana n'kusungidwa m'chotengera chosunga kutentha imachita thukuta, imanyowa kunja n'kulimba m'kati, ndipo ndiwo ngakhale zikome bwanji siziibisa. Ngati malowo amapereka mwayi wosankha ufa, dziwani kuti mgaiwa umakhutitsa msanga ndipo umakhala nthawi m'mimba, pamene ufa woyera ndi wopepuka. Pa chakudya cha magawo ambiri ufa woyera umasiya malo a zotsatira, ngakhale kuti pa thanzi mgaiwa ndiwo uli patsogolo popeza gaga wake sanachotsedwe. Amene safuna nsima usiku angapemphe mpunga, ndipo wa Kilombero wochokera ku Karonga ndi umene umayenera msuzi wa nkhuku chifukwa cha fungo lake.

Ndiyembekezere zakudya zanji pa gawo lililonse?

Yankho limadalira mwezi umene mwapita, ndipo malo amene mndandanda wawo wa zakudya susintha chaka chonse ndi okayikitsa. Kuyambira Disembala mpaka Malichi, mvula ikamagwa, m'nkhalango za mitengo ya msuku ndi tsamba mumamera bowa, ndipo supu wa bowa kapena bowa wotendera ndi chiyambi chabwino kwambiri chimene dera lino lingapereke. Nyengo yomweyo bonongwe, chisoso ndi nkhwani zimakhala zanthete, ndipo mvula yoyamba ikagwa ngumbi zokazinga zimatha kuikidwa m'kambale kuti anthu azitola podikira. Chakumapeto kwa dzinja kumabwera chimanga chachiwisi ndi maungu. Dzungu lophika n'kulipota bwino ndi nsinjiro pang'ono limapanga supu wokoma amene safuna mkaka.

Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti ndi nthawi ya zokolola komanso ya kuzizira. Mtedza watsopano wokazinga, futali wa mbatata, nzama ndi nandolo zimapezeka mosavuta, ndipo usiku wa mu Juni ndi Julayi, pamene mphepo ya pachigwa cha Kasungu imalowa m'mafupa, supu wotentha amalandiridwa ndi manja awiri. M'chilimwe masamba atsopano amachokera kudimba, monga mpiru, repu ndi tchayinizi, koma wophika wodziwa amatulutsanso mfutso wa khwanya kapena wa nkhwani umene anaumika m'dzinja. Mfutso wotendera woikidwa m'mbale yabwino sachititsa manyazi tebulo lililonse.

Gawo lalikulu limakhala nkhuku yachikuda, nyama ya mbuzi yophika kapena yootcha, ya ng'ombe, kapenanso nsomba. Tsabola wa kambuzi aziikidwa pambali kuti aliyense adzithirire yekha. Potsirizira, zipatso za nyengo zimaposa keke yogula: mango ndi masuku chakumapeto kwa chaka, mapeyala m'miyezi yoyamba, nthochi ndi mapapaya pafupifupi nthawi zonse. Kachidutswa ka chikondamoyo kothira uchi, pamodzi ndi tiyi wa ku Thyolo kapena khofi wa ku Mzuzu, kamatseka chakudya bwino. Thobwa ndi wokoma koma ndi chakudya pa iye yekha, choncho kapu yaing'ono ndi yokwanira, ndipo ndi bwino kumwa kumapeto osati poyamba.

Kasungu ili kutali ndi nyanja. Kodi ndi nzeru kuitanitsa chambo?

Nsomba zambiri zaziwisi zimafika kuno kuchokera ku Nkhotakota kudzera msewu wa ku Malomo ndi Mtunthama, ndipo ulendowo ndi wa maola ochepa, motero chambo chonyamulidwa m'mawa ndi madzi oundana chimatha kuphikidwa madzulo chili bwino. Vuto limabwera pamene nsomba yakhala masiku mufiriji imene magetsi ake amathimathima. Funsani tsiku limene nsombayo yafika. Chambo chabwino chikaphikidwa mnofu wake umakhala woyera ndi wogwirana, ndipo umachoka pa minga m'zidutswa. Ukaphwanyika ngati phala kapena kununkha, bwezani.

Dziwaninso kuti mu Novembala ndi Disembala boma limaletsa kugwiritsa ntchito makoka ena pa nyanja ya Malawi kuti chambo chiswane, choncho nthawi imeneyo chimasowa ndi kukwera mtengo, ndipo chimene chimagulitsidwa chimatha kukhala choweta m'madamu. Nsomba zowamba monga mlamba kapena kampango zilibe vuto la ulendo, ndipo zophikidwa ndi tomato ndi anyezi zimayenerana ndi nsima kuposa chambo chokazinga chouma.

Kodi ndikakhuta ndi timbale ting'onoting'ono, ndipo zimatenga nthawi yaitali bwanji?

Mudzakhuta. Mbale yoyamba ikafika ili ndi tizidutswa titatu, mtima umatsika, ndipo munthu amayesedwa kuti adzaze mimba ndi buledi, mtedza ndi zakumwa zoziziritsa kukhosi. Amene wachita zimenezi amafika pa nkhuku atatopa kale. Kuona maso a nkhono n'kudekha: ubongo umachedwa kuzindikira kuti mimba yadzaza, ndipo munthu wodya pang'onopang'ono amakhuta ndi chakudya chochepa poyerekeza ndi wodya mothamanga. Idyani nkhomaliro yopepuka tsiku limenelo koma musasale, chifukwa munthu wanjala sadikira ndipo sacheza.

Magawo 3 amatenga ola limodzi ndi theka, ndipo 5 amatha kudutsa maola awiri ndi theka. Amene ali pa ulendo wa pa M1 wopita ku Mzuzu, kapena akufuna kukafika ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 130, kusanade, aitanitse mbale imodzi basi.

Ndidye ndi manja kapena ndi foloko?

Nsima imadyedwa ndi manja, pa tebulo la mtundu uliwonse, ndipo malo amene amapereka nsima popanda madzi osamba m'manja sakudziwa ntchito yawo. Supu amamwedwa ndi supuni, mpunga ndi supuni kapena foloko. Mukapeza mipeni ndi mafoloko angapo atayalidwa mbali zonse za mbale, yambani ndi akunja kwenikweni, ndipo gawo lililonse likamabwera muziyandikira ku mbale. Mukamaliza, ikani mpeni ndi foloko pamodzi m'mbale kuti woperekera chakudya adziwe kuti angachotse. Nkhuku yachikuda ndi chambo ndi zakudya za mafupa ndi minga, ndipo palibe mlandu kuzigwira ndi dzanja.

Ndingadziwe bwanji kuti malowo ndi aukhondo?

Yambani ndi madzi osamba m'manja. Akhale othira kuchokera mu jagi kapena otuluka pampopi, ndi sopo, osati beseni limodzi limene anthu onse akuviikamo manja. Mliri wa kolera umene unayamba mu 2022 n'kupitirira mpaka 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo unatikumbutsa kuti matendawa amayenda ndi madzi ndi manja. Kaoneninso kuchimbudzi musanaitanitse chakudya, popeza anthu amene sasamala malo amene alendo amawaona sangasamale khitchini imene alendo saiona. Saladi wa masamba osaphika ndi madzi oundana a m'zakumwa ndi zinthu zofunika kusamala nazo m'nyengo ya mvula.

Pali zinthu ziwiri za kuno zofunika kuzitchula padera. Bowa wam'tchire ali ndi mitundu yakupha imene imafanana ndi yodyedwa, ndipo kuphika sikuchotsa poizoni wake, motero malo odyera ayenera kugula kwa ozula odziwika amene anakulira mu ntchitoyi. Mtedza umene sunaume bwino, kapena umene unathiridwa madzi kuti usendeke mosavuta, umachita chuku chimene chimatulutsa poizoni wowononga chiwindi pang'onopang'ono. Nsinjiro yowawa kapena yonunkha nkhungu si yoti munthu aipirire chifukwa cha ulemu.

Kodi mtengo ndingaudziwe bwanji, ndipo amalipira ndani?

Funsani musanakhale pansi, ndipo funsani mwatsatanetsatane. Malo ena amatchula mtengo umodzi wa munthu aliyense pa magawo onse, ena amawerengera mbale iliyonse payokha. Zakumwa nthawi zambiri sizikhala m'kati mwa mtengo umenewo, ndipo ndi zimene zimakweza bilu mosayembekezereka. Funsaninso ngati msonkho wa VAT ndi wa zokopa alendo waphatikizidwa kale. Mitengo ya zakudya yakhala ikusintha pafupipafupi, makamaka kuchokera pamene ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, choncho mtengo umene mnzanu analipira miyezi ingapo yapitayo usakhale podalira panu. M'miyezi imene msika wa fodya wa Chinkhoma uli wotsegula, kuyambira cha mu Epulo, m'tauni mumayenda ndalama ndipo malo odyera amadzaza, kotero kusungitsa tebulo kumafunika kwambiri.

Malo ambiri amalandira Airtel Money ndi TNM Mpamba, koma netiweki imatha kuvuta, ndipo n'kwanzeru kukhala ndi ndalama zina m'thumba. Pa chikhalidwe chathu woitana ndiye amalipira. Ngati mukufuna kuti aliyense adzilipirire, nenani pa nthawi yoitana, chifukwa kutulutsa nkhaniyi bilu itafika kumachititsa manyazi munthu amene anabwera ndi ndalama ya kabaza yokha. Kangachepe kothokoza woperekera chakudya si lamulo, koma munthu amene wakutumikirani maola awiri, kuchotsa ndi kubweretsa mbale kasanu, ndi woyenera kumukumbukira, ndipo mupatseni m'manja mwake.

Ndikufuna kutengera makolo kapena apongozi. Ndichite chiyani kuti asamangike?

Afotokozereni musananyamuke kuti chakudya chizibwera pang'onopang'ono. Mayi wachikulire amene wapatsidwa kambale ka supu osadziwa kuti kukubwera zina amaganiza kuti mwana wake wabedwa, kapena kuti alendo akumanidwa. Mawu ochepa ndi okwanira: "Amayi, kumeneko amayamba ndi tating'ono, nsima ibwera pambuyo, musadandaule." Uzaninso woperekera chakudya kuti ayambe kusambitsa m'manja ndi kupatsa akuluakulu, chifukwa ena anaphunzitsidwa kuyamba ndi amene ali pafupi. Ngati paphedwa nkhuku yathunthu, nthutumba ibwere patebulo ndipo iperekedwe kwa bambo kapena mlendo wolemekezeka; ikasowa, akulu amaona ngakhale sanena.

Nkhani ya apongozi ndi yofunika kuiganizira mofatsa. M'mabanja ambiri a Achewa mkamwini sadyera pamodzi ndi apongozi ake aakazi, ndipo ngakhale kuti m'tauni ena anasiya mwambowu, pali akulu amene sangameze chakudya atayang'anizana ndi mkamwini. Mkazi afunse mayi ake mwamseri tsiku lisanafike. Malo a zisakasa amathandiza pamenepa, popeza mungathe kupempha matebulo awiri oyandikana, amayi kwawo ndi abambo kwawo, chakudya n'kumabwera nthawi imodzi, ndipo palibe amene wachititsidwa manyazi. Ana aang'ono sapirira kudikira, choncho pemphani kuti mbale yawo ibwere pamodzi ndi gawo loyamba la akulu.

Kodi ndiyenera kudziwitsa malowo pasadakhale?

Inde, tsiku limodzi kapena awiri zisanachitike. Nkhuku yachikuda imafuna kugulidwa, kuphedwa ndi kuphikidwa nthawi yaitali, nyemba zimafuna kuviikidwa, ndipo khitchini yaing'ono singasunge zonsezi podikira alendo amene sakudziwika. Tchulani chiwerengero cha anthu, ola lofika, ndi zakudya zimene wina sadya. Munthu amene thupi lake limadana ndi mtedza ali pa ngozi yaikulu kuno chifukwa nsinjiro imalowa mu ndiwo zambiri, mu futali ndi mu supu, ndipo sionekera ndi maso. Odwala shuga apemphe zipatso m'malo mwa zotsekemera ndiponso asachedwetsedwe kudya ngati amwa kale mankhwala, ndipo a vuto la kuthamanga kwa magazi apemphe kuti mchere uchepe. Ngati pakati panu pali Asilamu, funsani za amene anazinga nyamayo, ndipo ngati pali a Seventh Day Adventist kumbukirani kuti sadya nkhumba ndi nsomba zopanda mamba monga mlamba ndi kampango.

Chakudya chikabwera chosakhala bwino kapena chikachedwa kwambiri, ndinene bwanji?

Nenani msanga, mbale isanathe, ndipo nenani motsitsa mawu. "Pepani achimwene, nyamayi m'kati simunapse, mungaibwezeko pamoto?" kapena "Achemwali, tadikira nthawi yaitali, mungatifunsireko kukhitchini?" ndi mawu amene amakonza zinthu popanda kunyoza munthu. Woperekera chakudya si amene waphika, ndipo kumukalipira pamaso pa alendo anu kumawononga madzulo a tebulo lonse. Mpata wa mphindi 10 kapena 15 pakati pa magawo ndi wabwinobwino. Ukapitirira theka la ola popanda wina kudzafotokoza, muli ndi chifukwa chofunsa. Nkhuku kapena nkhumba yofiira pafupi ndi fupa isadyedwe, ngakhale mwiniwake wa malowo atanena kuti ndi mmene amaphikira. Zotsala mungapemphe kuti akukulungireni, kupatula nsomba ndi mpunga ngati kunyumba kulibe firiji, chifukwa zimenezi zimaonongeka msanga kukatentha.

Nanga za kubwerera kunyumba usiku?

Konzani zimenezi musanadye. Chakudya chimene chayamba 7 koloko madzulo chimatha cha m'ma 9 koloko kapena kupitirira, ndipo nthawi imeneyo maminibasi amakhala atasiya kuyenda, akabaza a njinga zakapalasa ataweruka, ndipo a njinga zamoto otsala amakweza mtengo. Pangananani ndi wa takisi kapena wa njinga yamoto amene mumamudziwa kuti adzakutengeni pa ola lakutilakuti, ndipo sungani nambala yake. Ngati pagulu panu pali galimoto, woyendetsa asamwe mowa ngakhale pang'ono, popeza pa msewu wa M1 usiku pamayenda malole akuluakulu, ngolo ndi njinga zopanda nyali. Amene akuchokera kutali, monga ku Santhe, Chamama kapena Chulu, angachite bwino kupempha kuti chakudyacho chikhale cha masana, kuyambira 12 koloko, makamaka m'dzinja pamene misewu yafumbi imaterera mvula ikagwa.